Tsiku Losintha Zofunda

Foni inalira Lachitatu, ndili m'chipinda nambala sikisi,
dzanja lili m'thumba la pilo.
Ndaziona.
Mawu ake akubwera modukaduka
ngati madzi a pampopi wa ku Chankhanga mu Okutobala.

"Amayi, takocheza.
Ndili ndi mphindi khumi zokha."

Dzina la dokolo analitchula kawiri,
lilime langa linakana.
Akuti atha masiku asanu ndi anayi osaona mtengo,
osaona ndi khwangwala yemwe,
madzi okhaokha, amchere, oti sopo sachita thovu.
M'mawa sitima yasanza anthu zikwi ziwiri,
dzuwa likapendeka imeza ena.
Pakati apo pali mwana wanga,
ndowa, zipinda khumi ndi zisanu ndi chimodzi,
msana umodzi.

Ndinaseka mpaka kukhala pabedi la eni.
Iwe, unawoloka nyanja zonsezo
kukagwira ntchito ya amako?
Kunonso basi ya ku Mzuzu inatula anthu usiku,
tambala asanalire anali atapita.
Andisiyira mswachi, lisiti ya feteleza,
ndolo imodzi pansi pa matiresi,
ndi fungo la munthu amene sindinamuone nkhope.

Iye sanaseke.
Akuti panali nkhalamba ina, chipinda chakumapeto,
masiku makumi anayi akuiyalira,
akuitolera mapiritsi ogwa pansi,
akuimvera nkhani za mkazi wake amene anatsogola.
Dzina lake inkalidula pakati, inkangoti Nda.
Lero yatsika.
Anaiona pamwamba, ikutsetsereka pa mlatho wachitsulo,
chipewa choyera pakati pa zipewa zoyera,
osacheuka.
Pathebulo yasiya envulopu ndi magalasi.

"Inati idzandilembera.
Amayi, kodi amalemba?"

Ndinayang'ana khoma.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili pano pafupi ndi depoti,
ogula fodya, a malole, alaliki, aphunzitsi odzatenga malipiro,
onse amati tionana.
Bambo ako nawonso anagona nambala folo,
sabata ziwiri, lole itathyoka ekiselo.
Itachira lole, anachira nawo.
Izi sindinanene.
Ndinati magalasiwo ukapereke ku ofesi,
envulopu ubise mu sokosi,
ndipo wadya?

Kumbuyo kwake china chake chinalira,
ng'ombe yaikulu yopanda khola.
Akuti atsopano ayamba kale kukwera,
masutikesi a mateyala, khungu losapsa ndi dzuwa,
akufunsa kumene kuli chakudya.
Mmodzi wa iwo agona pomwe panagona nkhalamba ija
ndipo sadzadziwa.
Ndiyo ntchito yathu imeneyo,
kuti asadziwe.

"Amayi, akundiitana, ndidzaimba tikafi..."

Zii.

Ndinatuluka ndi mtolo wa zofunda pamutu.
Phiri la Kasungu lili pomwe lija,
linakocheza kalekale, silinyamuka,
ife ndife okwera ake osatsika.
Fumbi la njinga za kabaza likutera pa zochapa za dzulo.
A Chimphepo akukuwa ku kauntala
kuti nambala sikisi ikufunika pofika thuu koloko,
kwabwera banja lochokera ku Santhe, lili ndi wodwala kuchipatala.

Shiti imodzi ili ndi banga la tiyi, likukana kuchoka.
Ndaithira sopo kachitatu.
Kwinakwake chingwe chamasulidwa,
madzi akukula pakati pa mwana wanga ndi mtunda,
ine ndikufikisa.