Makobidi a Nibaldo

Zaka makumi atatu ndi zinayi
mwamuna wanga ankayendetsa chikepe cha paphiri ku Valparaíso,
kabokosi kamatabwa kokwawa pa njanji,
kutenga anthu kudoko, kuwakweza, kuwatsitsanso,
tsiku lonse ali pa ulendo koma osafika kulikonse.
Maiko ndiwo ankamulondola, pazenera la matikiti pomwepo.

Mmalinyero akakhuta mowa sayang'ana chimene akulipira.
Ankaponya m'mbale chilichonse chotuluka m'thumba,
ndipo Nibaldo, m'malo mowabweza,
ankapisa m'thumba lake, kuponya peso m'bokosi la kampani,
khobidi lachilendolo n'kulitsetserezera m'sokosi.
Ine pakamwa sipankakhala chete.
Ndinkati: Bambo inu, kodi buledi tidzagula ndi mfumu ya ku Norway?
Iye kumangoseka, uku akuvula nsapato.

Usiku, pathebulo la kukhitchini,
nyale pafupi, kagalasi pa diso,
ankawagwira m'mphepete mokhamokha
ngati munthu wonyamula dzira la njiwa.
Ili n'la ku Japan, loboola pakati,
taona ngala ya mpunga mmene yaweramira.
Ili, lopepuka ngati chotsekera botolo,
n'la ku Germany wa kum'mawa.
Dzikolo linatha, ankatero,
koma chenji chake chili kwa ine.

Tsiku lina ndinafuna kumukondweretsa.
Ali kuntchito ndinatenga mandimu ndi soda,
ndinakwecha makobidi khumi ndi awiri
mpaka onse anati waliwali.
Atabwera anangoima, chipewa m'manja.
Sanakalipe. Bwenzi atakalipa.
Anati: Eliodora, wafufuta manja a anthu.
Kuda kuja linali thukuta la wogulitsa nsomba,
la mwana wotumidwa mchere amene anathamanga atafumbata,
la wina amene analiwerenga kawiri n'kupeza kuti silikukwanabe.
Masiku atatu tinkangopatsirana mbale osayang'anana.

Anatisiya mu Julayi, mvula ikuguguda malata.

Lamlungu lapitali ndinanyamula chitini cha mabisiketi
kupita nacho kumsika wa zinthu zakale,
kwa Rigoberto, wa thebulo la nsalu yobiriwira.
Anavundula ndi chala chimodzi ngati akusankha nyemba.
Mayi, oterewa timagulitsa pa kilo.
Anapatula limodzi lokha, lasiliva, la ku Peru,
natchula mtengo wongokwana botolo la mafuta ophikira.

Nanga timapepalati? ndinafunsa.
Pakuti khobidi lililonse linali m'kaenvelopu kake,
ndi zilembo zija zopendekera ngati misewu ya kwathu:
Mzungu wa ndevu zofiira, ankalira, sindinamufunse.
Mtsikana wa chikwama chong'ambika, ankafuna njira ya kuchipatala.
Tsiku limene Ximena anabadwa. Ndinachedwa. Pepani.
Ili ndinalitola pansi pa mpando, mwini wake sindikumudziwa.

Mapepala sitigula, anatero Rigoberto,
maso ali kale pa kasitomala wina.

Ndinatseka chitini.
Chinkalemera kuposa mmene ndinabwera nacho,
kapena ndi mikono yangayi, yakalamba.

Pobwerera ndinakwera chikepe chomwecho.
Pazenera pali mnyamata tsopano, wa ndolo kukhutu,
sandidziwa, sadziwanso amene anakumba mpando akukhalapowo.
Ndinatulutsa la ku Japan lija, mwadala,
n'kuliika m'mbale ngati nkhalamba yosaona bwino.
Anatambasula dzanja kuti andibwezere.
Kenako anaima.
Analitembenuza, analikweza kumene kukuchokera kuwala,
anatsinzina diso limodzi
n'kusuzumira doko lonse pa kabowo kaja,
sitima, mbalame, utsi, zonse.

Dutsani, mayi.

Chitseko chisanatsekeke ndinamva
peso yakeyake ikugwera m'bokosi la kampani:
ngwe!

Kaenvelopu kopanda kanthu ndinabwera nako kunyumba.
Kali pathebulo, pafupi ndi nyale.
Cholembera ndachipeza,
koma sindinadziwebe choti ndilembepo.