Ludzu la pa Njira ya ku Chididi

Tinanyamuka pa Nsanje tambala atalira kachiwiri,
ine ndi achimwene anga a Zuze,
dengu la makakana amchere pamutu panga,
mawu opepesa m'kamwa mwawo.
Alamu anali atabwerera kwawo ku Chididi,
mwezi wathunthu, osatumiza ngakhale moni.

Botolo la madzi linatsala pakhonde.
Ndinalikumbukira titawoloka njanji.
Iwo anaseka:
"Wobadwira ku Nyachikadza angaope ludzu?
Ine madzi ndinamwa okwanira chaka chija,
masiku atatu ndili mumtengo,
mbuzi zanga zikudutsa pansi, miyendo m'mwamba."

Phiri silinaseke nawo.
Dzuwa la Okutobala linatipeza pachitunda chachiwiri,
pomwe miyala imawotcha kupyola patapata,
pomwe nyenje zimalira ngati zikucheka chitsulo.
Khwawa loyamba: mchenga.
Lachiwiri: mchenga ndi ndowe za anyani.

Anayamba kundiuza nkhani imodzimodzi kawiri.
Kenako anandiitana dzina la malemu atate.
Ndinacheuka.
Malaya awo anali atauma, mchere utalemba mapu kumsana,
mphumi yopanda ngakhale dontho,
milomo yang'aluka ngati dimba la mwezi uno.
Anati mutu ukusinja, mitengo ikuvina,
katumba wagwidwa ndi ng'ona.
Ndipo munthu wopalasa bwato kukwera Shire osapuma
anapinda mawondo pang'onopang'ono,
khu! pafumbi.

Kumusi chigwa chonse chinali mbee.
Mtsinje uli apo, ukunyezimira ngati mpeni,
dambo lobiriwira, madzi osatha kuwerenga,
madzi omwe aja anatigumulira nyumba kawiri,
lero akutiyang'ana patali
ngati wachibale wolemera.

Ndinawakokera pamthunzi wa thanthwe,
ndinavula malaya, ndinakupiza, ndinakuwa.
Patsidya utsi unkafuka.
Mnyamata wowotcha makala atandiona anathawa,
kuyesa ndine wa zankhalango.
Ndinakuwa m'Chisena, ndinakuwa m'Chimang'anja,
ndinakuwa chinenero chimene ngakhale ine sindichidziwa.

Anabwerera, akuzemba kuseri kwa mitengo,
chigubu chachikasu m'manja.
Madzi ofunda, onunkha mafuta ophikira,
ndi kanyerere kakufa koyandama.
"Osawapatsa onse, asanza," anatero.
"Pang'onopang'ono, ngati mwanapiye."
Anapala mchere pamsana pa kakana ndi chikhadabo,
anatafuna mfundo ya nzimbe yake ya nkhomaliro
ayi, anaisinja pamwala, naifinyira m'chivindikiro.
Dontho. Kudikira. Dontho.
Otsala tinanyowetsa nsanza,
m'khosi, m'khwapa, pachipumi.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yanji.
Mthunzi unasuntha, ifenso tinawasuntha.
Kholingo lawo linayamba kuyenda lokha.
Thukuta litabwerera pamphuno pawo
ndinaliona ngati mvula yoyamba.
Anatsegula maso nafunsa:
"Nsomba zija zilipo?"

Mnyamatayo dzina lake ndi Fole.
Anakana ndalama, anatenga makakana awiri,
natilozera kasupe kuseri kwa nsungwi,
mtunda woti mwana angaponye mwala kawiri
kuchokera pomwe achimwene anagwera.

Tinafika ku Chididi nkhuku zikulowa,
iwo atatsamira phewa langa, dengu lapepuka.
Mawu onse amene anakonza usiku wathunthu
anali atatsala pathanthwe paja.
Alamu a Nsayi anawayang'ana kuyambira kumapazi,
sanalonjere, sanatukwane.
Analowa m'nyumba,
anatuluka ndi chikho chodzaza.

A Zuze analandira ndi manja awiri.
Anamwa atagwada,
maso ali pansi, madzi akutsikira m'ndevu,
ndipo atamaliza sanabweze chikhocho msanga.

Ine nkhoswe ndinangokhala pamtondo
ndi mawu anga osagwira ntchito,
ndikumva kuseri kwa nyumba
mpopi wina wosatsekedwa bwino
ukudontha.