Mtengo Wanga

Ofesi yawo ili pamwamba pa sitolo ya simenti:
mipando itatu, fani ya khosi lothyoka,
mapanelo a sola otsamira khoma ngati odwala pamzere.
Ajibu wandithirira madzi m'kapu ya kampani,
nandikankhira kalata.
Dzina alilemba bwino, Asiyatu Mdala, injiniya.
Nambala ili m'munsiyi ndiye yowonda:
seveni handiredi sauzande.

Kunenerera ndimakudziwa.
Ndinaphunzira pamsika wa M'baluku
nditagwira mpendero wa chitenje cha anti Hawa:
katundu ukamukonda usaonetse mano,
tembenuka, ponya mapazi atatu, akuitana okha.
Koma kumeneko kunali kutsitsa mtengo.
Kukweza sanandiphunzitse,
makamaka katunduyo akakhala iwe mwini.

"Kampani yathu ndi khanda," akutero Ajibu, "ikukwawa kumene.
Mafiriji athu akadzafika ku Malindi ndi ku Makanjira,
asodzi akadzasiya kukwirira nsomba zowola,
mudzakhala ndi gawo lanu. Awiri pa zana."
Mudza-, tidza-, zidza-.
Landilodi wanga ku Mpondasi samva "dza".
A ngongole ya ku yunivesite ali ndi nambala yanga.
Mng'ono wanga walowa fomu fili, nsapato zamuthina.

Usiku ndinayeseza kakhumi, ndikuuza khoma,
ndipo khomalo silinakane.
Pano lilime lauma ngati chikopa.
"Miliyoni," ndatero.

Magetsi azima pomwepo ngati amva.
Fani yawerama.
Invetala pakona yalira kawiri, yakhala duu.
Ndinaona kale polowa:
waya wa batire ngwochepa, wada kukamwa,
fyuzi anailumphitsa ndi kachingwe ka kopa.
Mphindi zisanu, pulayala imodzi, zatheka.
Manja akundiyabwa.
Ndawakhalira.

Thukuta la Mangochi silidziwa bwana.
Likutsika m'khosi mwake, likutsika mumsana mwanga.
Pansipa akabaza akuliza mabelu,
wina akukweza matumba a simenti pa lole, akuwerenga mokweza.
M'mutu mwanga mwadzaza anthu osaitanidwa:
mwana wamkazi usachuluke nzeru,
ntchito zikusowa, anzako akugulitsa mayunitsi ndi digiri m'thumba,
landira, thokoza, gwada.
Wina wachifundo akunong'ona kuti kupempha si kuba.
Komatu sindikupempha.
Zaka zisanu ndinagona ndi masamu kumutu.
Dzanja ili lili ndi chipsera cha sodala.

Ajibu wanditembenuzira laputopu.
Ndalama za miyezi isanu ndi inayi,
kutsogolo kwake mzere wofiira.
Sakunama.
Kolala ya malaya ake yaperepeseka,
ndipo pamndandanda wa malipiro, pa dzina lake pali mpata.
Chisoni chandigwira pakhosi,
ndachimeza ndi madzi otsala m'kapu.
Ndikalowa motchipa lero
ndidzagwira ntchito ndikuyang'ana pakhomo,
ndipo mafiriji ake adzadziwa.
Ndamuuza choncho, mawu akunjenjemera pang'ono.

Wakhala chete nthawi yoti munthu n'kusenda chinangwa.

Eyiti fifite.
Mafuta a njinga yamoto ndikamapita kumadoko.
Awiri pa zana aja akhalepo,
ndipo ikatha miyezi isanu ndi umodzi tikhalenso pansi.
"Zilembedwe," ndatero.
Pulinta ilibe moto, walemba pamanja
kuseri kwa kalata yoyamba ija,
thukuta likufufutitsa inki pa siginecha.

Ndapinda pepala, ndaika m'chikwama, ndatseka zipi.
Kenako ndafunsa: "Pulayala muli nayo?"

Potsika masitepe mawondo akugundana.
Sindikudziwa ngati ndadzigulitsa bwino.
Anti Hawa akanati ndafulumira,
sindinatembenuke n'komwe, mapazi atatu aja sindinaponye.
Fani ikumveka pamwamba, ikupukusa mutu wake wothyoka.

Wakabaza wandiyang'ana, wayang'ana dzuwa,
wati faifi handiredi mpaka ku Mpondasi.
Ndatsegula pakamwa kuti ndinenerere,
ndaona mitsempha ya m'miyendo yake.
Ndatseka.
Ndakwera.