Chipinda cha Kumanzere

Ine ndimabweza zovala ku Kamwala.
Zaka makumi awiri ndikupalasa makina,
kuchepetsa majekete a salaula,
kuika zipi pa thalauza la munthu wodikira kuseri kwa katani.
Ndiye Dokotala Chisenga atandijambulira mtima
kumbuyo kwa pepala la mankhwala
ndinauwerenga ngati patani:
zipinda zinayi, ziwiri m'mwamba, ziwiri m'munsi,
ndi kachitseko ka kumanzere kamene sikankatsekeka.

Anafunsa: munadwalapo zilonda zapakhosi muli mwana?
Ndani sanadwale? Ku Chadiza tinkangomwa madzi a mandimu.
Iwo anagwedeza mutu, nalemba.

Kachitsekoko kankasiya mpata.
Chipinda cha m'munsi chikafinya
magazi ena ankapita m'thupi,
ena ankabwerera kumene achokera
ngati mwana wotumidwa kumsika
amene wangofika pageti n'kutembenuka.
Katundu yemweyo kumusenza kawiri.
Chipindacho chinakula, chinatanuka ngati khosi la juzi,
ndipo masitepe a pamlatho wa m'tauni
ndinkakwera atatu n'kuima,
kunamizira kuyang'ana foni.

Anandisoka Lachiwiri.
Chitseko sanachotse, anangochibweza,
n'kuzunguliza kamphete m'mphepete mwake
monga ndimachitira ndi mpendero wa siketi.
Ndikanakonda kuuona msokowo.
Ndikanadziwa ngati dzanja lawo limapupuluma.

Patapita sabata, mafuta ozizira pachifuwa,
chithunzi chotuwa chikugunda pa kanema.
Mutinta, woyendetsa makinawo, anatchula nambala.
Kale inali sikisite-thuu. Tsopano fote-eyiti.
Ndinati: mwandisoka kapena mwanding'amba?

Dokotala anakoka mpando.
Nambala yakale ija, anatero, inkatinamiza tonse.
Chipinda chinkaoneka champhamvu
chifukwa chinali ndi khomo la kuseri lotayirako katundu.
Kukankhira magazi m'mbuyo n'kutsetsereka chabe.
Khomolo tatseka. Tsopano dontho lililonse
likwere mtunda, lifike kumutu, kuzala, kuchidendene.
Si kuti chafooka lero, ayi.
Lero ndiye tikuona mphamvu zake zenizeni.

Ndinakhala chete, chifukwa nkhaniyo ndimaidziwa.
Mnyamata wanga Yotamu ankamaliza malaya khumi patsiku
mpaka tsiku limene ndinatembenuza misoko yake.
Atayamba kusoka moona mtima ankamaliza anayi.
Anayiwo palibe kasitomala amene anabwera nawo kudzadandaula.

Mvula inagwa, Kanyama inasefukira, inauma.
Ndinameza mapiritsi, ndinabisa botolo la mchere,
ndinayenda mpaka pampopi,
kenako mpaka kutchalitchi,
kenako ndinasiya kuwerenga mitengo ya magetsi.
Usiku wina ndinadzidzimuka, mapilo onse atatu ali pansi,
ine nditagona chagada ngati munthu wina aliyense,
mpweya ukulowa osapempha chilolezo.
Ndinadzutsa mkazi wanga kuti aone.
Anati gonani, a Zulu, kunja sikunache.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi
Mutinta anayezanso ndi timizere take tobiriwira.
Chipinda cha m'munsi chabwerera mamilimita asanu ndi awiri,
nambala yakwera pang'ono, fifite-foo.
Cha m'mwamba chidakali chotanuka;
chimenecho, akuti, mwina sichidzabwerera chonse.
Sindinatsutse. Makasitomala ndimawauza zomwezo:
nsalu imene yakokedwa zaka zambiri imakumbukira,
nyereti ya telala ili ndi polekezera.

Mapiritsi ena ndidzamwabe. Tsiku la sikelo lili pa kalendala,
pansi pa muyeso wa diresi la mkwatibwi wa ku Chilenje.

Dzulo ndakwera mlatho wonse foni ili m'thumba.
Pamwamba ndinaima ndithu, koma mwadala,
kuonera maminibasi akulimbirana njira pansipo,
dzanja langa lili pachipsera chimene si ine ndinasoka.
Phokoso la Lusaka lonselo,
ine n'kumamvetsera kachitseko kamodzi
kakutsekeka.