Mkono wa Malaya

M'mawa uliwonse ndimapinda mkono wa malaya a Fintan,
wakumanzere,
kawiri, kenako phini.
Iye amayang'ana pawindo mvula ya ku Roscommon,
imene sinajombepo kuntchito,
n'kunena kuti ng'ombe zachedwa kukamidwa.
Za phiniyo sitikamba.

Chivundikiro cha shafiti ya thirakitala chinang'aluka mu Okutobala.
Ndinachiona.
Ndine ndinalemba pakapepala ka pafiriji,
pansi pa mchere wa ng'ombe, pamwamba pa mababu:
chivundikiro, mayuro makumi asanu ndi atatu.
Mchere tinagula. Mababu tinagula.
Kapepalako kanapiringizika ndi nthunzi ya ketulo.
Zengerezu ankadya nafe patebulo,
ife tikumutchula mayina ena:
nyengo, ngongole, mtengo wa mkaka.

Chitsulo chija sichida munthu.
Chimangozungulira, kasanu n'kanayi pa sekondi.
Chinapempha kaulusi kamodzi ka juzi,
kaulusi kanaitana mkono wa juzi,
mkono wa juzi unabwera ndi mwini wake.
Anadzandiuza ndi galu.

Mayi wa kuboma anavula jombo pakhomo,
anakana bisiketi,
nafunsa mofatsa: woyang'anira chitetezo pano ndani?
Ndinacheuka, ngati kumbuyo kwanga kuli wina.
Dzina pafomu linali langa.
Ndinasaina ndekha chaka cha maliro a bambo,
pakati pa makalata a kubanki, osawerenga.

Tsopano tili ndi Edvaldo, mnyamata wa ku Goiás,
amene akuti anakwera hatchi asanamere mano.
Amaseka ndikamamuyendetsa.
Ili ndi dzenje la ndowe: ukavundula, tuluka,
zitseko zonse pululu, theka la ola,
mpweya wake ukafika popha, mphuno imasiya kuumva.
Nkhunzi iyi usaipatse msana,
ngakhale ikunyambite.
Usanatsike, zimitsa, kiyi m'thumba.
Saina apa. Ayi, yamba wawerenga.
Akuti, Dona Bríd, inu mumaopa ngakhale geti.

Ee, ndimaopa geti.
Ndimadziwa kulemera kwake mphepo ikaligwira.
Ndimaopa denga la shedi limene limaoneka lolimba
kwa munthu amene ali pansi,
ndi ana a Cathal amene amadutsa pabwalo pofupikitsa njira.
Famuyi ndi mahekitala makumi anayi a zinthu zodikira,
ndipo zonse zalembedwa m'dzina langa.

Dzulo ndinawaona ndili m'khola la ana a ng'ombe.
Injini ikulira, Edvaldo wawerama,
zingwe za jekete lake zili lende.
Fintan anayenda osathamanga,
anazimitsa,
nazilowetsa zingwezo m'khosi mwa mnyamatayo
ndi dzanja limodzi, pang'onopang'ono,
ngati akukonzekeretsa mwana wa sukulu.
Panalibe mawu. Panalibenso kuseka.

Pafiriji pali kapepala kena.
Makwerero: popondapo pachitatu pakugwedera.
Lero ndi Lachinayi, sitolo itseka faifi koloko.
Tiyiyo azizire.