Sitima ya pa Sikirini

Jagoda anandibweretsera laputopu Lachiwiri,
ikadanunkha pulasitiki wa m'katoni.
Anati: Bambo, samutsirani muno sitima yanu ija,
ija munkamanga padoko la Gdańsk ine ndisanabadwe.
Zaka ziwiri ndakhala ndikuijambulanso pakompyuta,
nthiti ndi nthiti, bawuti ndi bawuti,
kuchokera m'mutu mokha, poti mapepala adanyowa kalekale.

Ndinaisamutsa. Ndinaigwira ndi mausi kuti itembenuke.
Inayamba yaganiza kaye.
Kenako njenjenje, n'kuima,
n'kudumpha ngati munthu wopunthwa pakhomo,
mphuno ili kum'mawa, chiwongolero chikadali kumadzulo.
Kompyuta yakale ija, ya fani yolira ngati njuchi m'botolo,
inkachitako bwino.

Ndinazimitsa, n'kuyatsanso.
Ndinatseka mapulogalamu onse, ngakhale ya nyengo
imene imandiuza za chipale chomwe ndikuchiona kale pawindo.
Kusitolo mtsikana wa pafoni anati ndiike madiraiva atsopano.
Ndinaika. Kamzere kobiriwira kanakwawa mpaka tiyi kuzizira.
Sitima inatsimphinabe.

Jagoda sindinamuuze.
Ndikudziwa miyezi imene wagwira usiku kuchipatala
kuti chinthu ichi chikhale patebulo langa.

Loweruka ndinagogoda kwa Kajetan, wa m'nyumba yam'mwamba,
mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wosapesa.
Anakhala pampando wanga osapempha.
Anati: A Bogumił, muno muli makhadi a zithunzi awiri.
Lina ndi laling'ono, loumira magetsi,
lina ndi chimphona, koma chili mtulo.
Anadina apa, anadina apo, anachiitana chimphonacho ndi dzina.
Chinatsegula diso limodzi n'kugonanso.

Anayika dzanja pansi pa laputopu: zii, kuzizira.
Ikanakhala ikulimbana, anatero, bwenzi ikutentha.
Iyi sikuyesa n'komwe.
Anakanda m'mutu, anatukwana chapansipansi, n'kupepesa.
Panja tiramu inadutsa, makapu m'kabati analira.

Ndiye anagwada.
Anatsata nthambo ndi chala kuchokera m'mbali mwa laputopu,
kutsika mwendo wa tebulo, kudutsa pa silipasi zanga,
mpaka kukhoma.
Anatulukako ndi fumbi m'tsitsi, m'manja muli kachaja koyera.
Ichi n'chiyani?
Ndinati ndi chaja ya foni yanga, imalowa bwinobwino pabowopo,
ndipo ine sinditaya chinthu chimene chikugwira ntchito.
Nanga yake ili kuti?

Inali m'katoni, pamwamba pa wadiropu,
yolemera ngati njerwa, ikadali m'pepala lake.
Ndinaiona tsiku loyamba lija n'kunena kuti ayi,
zonsezi za chiyani.

Masiku anayi ndakhala ndikumwetsa injini ya sitima
ndi kasupuni ka tiyi,
ine amene ndinkakalipira anyamata padoko
akalumikiza nthambo yowonda ku makina owotcherera.

Kajetan anailumikiza. Fani inapuma mpweya wautali.
Anakankha mausi pang'ono chabe,
sitima n'kuzungulira myaa, yonse pamodzi,
kuwala kukutsetsereka pa chitsulo chake
monga m'mawa uja tinaitsitsira m'madzi.
Anaizunguza kawiri, katatu, akuseka,
ndinachita kumugwira mkono kuti ayi, pang'onopang'ono.

Pamenepo m'pamene ndinaona.
Kumanzere, pansi pa chipinda cha woyendetsa,
ndinaiwala makwerero.
Anthu anga akanatsika bwanji kukadya?
Pamene inkadumphadumpha, mbali imeneyo inkangondipitirira.

Mnyamatayo anakana ndalama, anatenga maapulo awiri.
Usiku Jagoda anaimba: Ikuyenda bwanji, Bambo?
Ndinati ikuthamanga, mwanawe, ikuthamanga.
Foni ili pakati pa khutu ndi phewa,
ndinali nditafika pa sitepe yachisanu ndi chiwiri.