Kampata ka Pamlatho

Sitima yanga imayenda pa chitseko
chimene madzi anatisiyira chaka chija
nyumba itapita.
Ndinachigoneka pa zidebe ziwiri m'khonde,
n'kukhomapo tinjanji tooneka ngati minga ya makakana,
timene Zuze anatola pa kaunjika ku Limbe,
pansi pa nsapato zopanda zinzake.
Siteshoni ya Bangula ndi chitini cha majarini.
Makhanga ndi bokosi la machesi.
Pakati pali mlatho wa masipoko a njinga,
ndipo uwu sunakokolokepo.

Lachiwiri masana inangoti zii.
Babu la njinga yamoto,
lomwe ndinalumikiza pa waya wa batire kuti likhale mlonda,
linayaka mwaukali, mbuu ngati thonje.
Ndiye kuti moto wapeza njira yachidule,
ukubwerera kwawo usanagwire ntchito.
Shoti.

Ndinayamba ndi kunamizira osalakwa.
Ndinanunkhiza fyuzi, ndinakalipira sola padenga,
ndinatsitsa mabogi limodzilimodzi
n'kumawatembenuza ngati nkhuku zamalonda.
Babu osazima.
Chanazi, mwana wa mwana wanga, anagwira tochi ya foni,
ine chagada pansi pa chitseko,
thukuta likudzaza m'makutu,
mawaya ofiira ndi akuda ali lendee ngati mizu ya kachere.
Tinapeza phini wa m'tsitsi. Sanali iye.
Tinapeza nyerere zitafera pa swichi,
nazonso zinafa zosalakwa.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndinayenda panjanji yeniyeni,
hamala m'manja, kugogoda, kumvetsera.
Kapitawo wathu ankati, vuto likabisala gawa mtunda.
Ndinamasula waya wa Makhanga. Likuyakabe.
Ndinamasula wa Bangula. Likuyakabe.
Kunatsala kutsidya kwa mlatho
kumene njanji imakhota n'kudzilowanso yokha,
yakumanja n'kusanduka yakumanzere.
Pamenepo ndinachekapo kale kampata ndi sowo,
kochepa ngati chikhadabo,
kuti moto wa uku usapatsane moni ndi wa uko.

"Agogo, nanga kampata kaja kali kuti?"

Panalibe.
Dzuwa la Okutobala, lija limaliritsa malata,
linatambasula chitsulo pang'onopang'ono
mpaka nsonga ziwiri zinagundana mphuno.
Ine! Ine amene ndinkakalipira anyamata
kuti kuchigwa kuno chitsulo chimadzuka masana n'kudziwongola,
musiyireni malo!
Ndinaseka mpaka chifuwa chinandikumbutsa zaka zanga.

Tinachekanso.
Chanazi anadula khadi lakale la simu ndi lumo,
tinalowetsa kachidutswa pakati,
dontho limodzi la guluu,
kenaka kupala ndi tupa mpaka chala chisamve mfundo.
Ndinabwezera mawaya, wofiira kwa wofiira,
manja akunjenjemera kuposa kale.
Babu linafatsa,
linatsala psuu ngati khala la m'phulusa,
injini inatsokomola, inaganiza kaye,
inakoka.

Inadutsa Bangula osaima.
Pamlatho masipoko analira tiii,
ine mpweya nditaugwira ngati ndanyamula anthu enieni
ndi matumba awo a mapira, ndi mbuzi yomangidwa miyendo.

Ku Mtayamoyo anthu akuwoloka pa bwato,
njinga zitagonekedwa pamaondo,
poti mpata wa kumeneko unakula
mpaka sitima inaleka kubwera.
Wanga unachepa, nayonso inaima.
Ndakalamba ndisanadziwe amene amayeza zinthu zimenezi.

Chanazi akufunsa kuti yaikuluyo inkalira bwanji.
Ndakunga milomo, ndayesa,
agalu a kwa Alufazema ayankha.
Aseka, akuti ndibwereze.

Izungulire kawiri kokha, mwanawe,
kenaka tizimitse.
Batire ndi lomweli,
ndipo mafoni asanu a anthu akudikira moto pawindo.